Chingwe cha Tsitsi cha a Loi

Munthu amene ndinakangana naye kwambiri pa moyo wanga sanali mwamuna wanga ayi. Malemu Bastião analibe mpata wokangana ndi munthu, moyo wake wonse unathera pa zombo. Amene tinkatafunana tsiku lililonse la Mulungu anali a Loi, wometa uja wa pansi pa makwerero a tchalitchi cha Lazaro Woyera, kuno ku Macau. Mtengo wamthunzi unalipo umodzi, ife tinalipo awiri. Ine ndi chiwaya changa cha zitumbuwa za mpunga mbali iyi, iwo ndi kampando kawo mbali inayo, ndipo mphepo ya kunyanja, yopanda mwambo ija, inkaomba kuchokera kwa iwo kubwera kwa ine.

"A Loi! Tsitsi la anthu anu likugwera m'zitumbuwa zanga!"

"Ndiye kwezani mtengo, mayi Quitéria. Ndakuwonjezerani ndiwo."

Ndi mmene ankayankhira, osacheuka n'komwe, lumo lili pamutu pa munthu.

Anabwera kuno ali mnyamata kuchokera kumudzi kwawo ku Heungshan, kuseri kwa Chipata cha pamalire a mzinda uno ndi dziko la Atchaina, atanyamula mtengo paphewa: mbali ina kampando kokhala ndi timabokosi ta malumo ndi zipeso, mbali ina mbaula ndi beseni lamkuwa. Anakalamba ndi katundu yemweyo. Ankameta aliyense. Onyamula mabokosi a tiyi kudoko, asodzi, asilikali a Chipwitikizi ndi ndevu zawo zonunkha vinyo, amalinyero a ku Goa ndi ku Timor, mpaka Padre Aleixo, wansembe wathu, ankabwera kudzametetsa kadazi kake ka pakati pa mutu. Akamaliza kukumeta ankakutokosa m'makutu ndi kansungwi, n'kukumenya timakofi pamsana mpaka tulo kubwera. Munthu ankachoka pa kampando paja akumwetulira ngati walandira cholowa.

"Mzinda uno uli ndi mabwana awiri," ankatero. "Bwanamkubwa wa Apwitikizi amalamula mizinga, mandarini amalamula mpunga. Koma mutu uliwonse ukafika kwa Loi umawerama."

"Bodza! Munameta liti mandarini inu?"

"Ndinameta wophika wake. Amadya za mumphika umodzi."

Za mpungazo sankanama. Apwitikizi akangomulakwira mandarini, nduna ya Mfumu ya ku Peking ija, iye ankangotseka Chipata. Pakapita masiku ochepa pamsika pankakhala mbee, opanda mpunga, ndiwo kapena nkhuni, mpaka mabwana a zipewa zazitali apite kukapepesa. Tinkakhala choncho, ndipo tinazolowera.

A Loi anali wamfupi, wa miyendo yamatewe, mano ochita kufunafuna. Chokongola pa thupi lawo lonse chinali chimodzi: chingwe cha tsitsi. Chinkafika kuseri kwa mawondo, chonenepa ngati dzanja langa, ndipo pogwira ntchito ankachizunguliza m'khosi kuti chisakhudze fumbi. Lamulo la Mfumu linali lakuti mwamuna aliyense wa Chitchaina amete kutsogolo, kumbuyo aluke chingwe, ndipo wodula chingwe ndi woukira, amudule khosi. Ena ankachisunga chifukwa cha mantha. A Loi ankachisunga chifukwa cha matama. Msilikali wina woledzera anachitchula kuti mchira wa nkhumba, ndipo tsiku lomwelo anapita kwawo ndevu za mbali imodzi zokha zitametedwa. A Loi anati lumo latopa.

Akazi awo, amake A-Hoi, sindinawaonepo ndi maso. Anatsala kumudzi akusamala munda ndi manda a makolo, monga akazi ambiri a amuna ogwira ntchito kuno. Koma tinkadziwana bwino. A Loi akamapita kwawo pa chikondwerero, ndinkawakulungira zitumbuwa m'masamba a nthochi, ndipo pobwera ankanditulira kamtsuko ka mpiru wa mchere.

"Akuti munachepetsa shuga," ankatero.

"Mukawauze kuti achulutsa mchere."

Mwina mayiwo sananenepo chilichonse, nkhalamba ija inkangopeka kuti indipute. Koma ndinkawakonda mayi amenewo ngati m'bale wanga.

Mwana anali naye mmodzi yekha, A-Hoi. Anabwera naye kuno atayamba kusinkhuka kuti amuphunzitse lumo, koma kalanga ine, manja a mwanayo! Sabata yoyamba anatema khutu la msodzi. A Loi anaona kuti akapitiriza Macau yense akhala wopanda makutu, n'kumupezera ntchito ku nyumba yosungiramo tiyi ya Mpwitikizi wina. Kumeneko ndiye kunali kwake. Lilime lake linali lopepuka, Chipwitikizi anachitola ngati akutola nkhono pagombe, ndipo atakula anakhala womasulira pakati pa abwana ake ndi amalonda a ku Canton. Madzulo ankabwera kudzakhala pa makwerero paja, akudya zitumbuwa zanga zotsala ndi kumvetsera nyimbo za m'tchalitchi. Kenaka anayamba kuimba nawo chapansipansi. Kenaka analowa mkati.

Atandipempha kuti ndikhale mayi wake wa ubatizo ndinavomera, ndipo mpaka lero sindipepesa kwa munthu. Anali atakula, ndevu zitamera, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse. Padre anamupatsa dzina lakuti Gervásio, limene bambo ake ankangoti Jeri-chakuti. Zonsezo a Loi akanazimeza. Okha ankanena kuti milungu ilipo yambiri, wina mmodzi wowonjezera sangadzaze nyumba. Koma Mtchaina wobatizidwa akafuna kuti mandarini amusiye, akhale m'manja mwa Apwitikizi, ankavala buluku ndi chipewa n'kudula chingwe. Mkati mwa mzinda zinkatheka. Kuseri kwa Chipata ayi, kumeneko chipembedzo chathu chinali choletsedwa, ndipo mutu wopanda chingwe sunkafunsidwa mafunso ambiri.

Tsiku limene anabwera atadula, a Loi anali akunola lumo pa chikopa. Mnyamata anaima patsogolo pawo, navula chipewa. Ine mtima unali m'malere, ndinkati pano pagwa munthu. A Loi anamuyang'ana nthawi yaitali, namuzungulira, nayang'ananso kumbuyo.

"Wakumeta ndani?"

"Wometa wa m'chombo, Bambo."

"Ndi chiyani? Nkhwangwa?"

Anangonena zomwezo, nalongedza katundu wawo dzuwa lili pamutu. Kwa masiku angapo pansi pa mtengo paja ndinakhala ndekha, zitumbuwa zoyera bwino, ine wosasangalala. Atabwera, maso anali atalowa.

"Mwandibera mwana, mayi Quitéria."

"Sindinabe munthu ine. Anabwera ndi miyendo yake."

"Miyendo yake idzadutsa pa Chipata? Adzasesa manda ndani? Amake akamadzamwalira, adzakatunga ndani madzi owasambitsa kumaso?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Kuchokera pamenepo sanalankhulenso naye mwanayo. Osati kuti anasiya kumunena, ayi, ankamunena tsiku ndi tsiku, koma kudzera mwa ine. Mnyamata aima apa, bambo ake apa, ine pakati ndi chipande changa.

"Mayi Quitéria, muuzeni Jeri-chakuti wanuyo kuti khosi lake lamera ngati la mbuzi."

"Amayi, auzeni Bambo kuti ndamva."

"Asa! Ine ndasanduka belu lanu? Lankhulanani, muli pamodzi pompano!"

Koma chibale ndi fupa, sichiola. Lamulungu lililonse nyimbo zikayamba, a Loi ankauza oyembekezera kuti adikire, lumo likupuma. Ankakhala phee pa kampando, mutu utapendekeka, ndipo pakati pa mawu onse aja ankalidziwa la mwana wawo. "Akukweza kwambiri, adzang'amba pakhosi," ankang'ung'udza. Gervásio naye ankandisiyira timapaketi ta tiyi wabwino. A Loi ankati ndi tiyi wa anthu opanda makolo, n'kumwa yense mpaka masamba.

Chovuta chinali kumudzi. Amake sanauzidwe zoona. A Loi anawauza kuti mwana wakwera chombo, abwana ake amutuma ku Batavia. Chaka chotsatira anali ku Manila. Kenaka ku Goa. Tsiku lina akukonzekera ulendo anabwera kwa ine akukanda kumutu.

"Mayi Quitéria, amuna anu anayenda kwambiri. Doko lina lakutali ndi liti? Manila ndinamugwiritsa kale ntchito."

"Simukuchita manyazi, nkhalamba inu? Auzeni zoona!"

"Ndiwauze kuti mwana ali kuseri kwa phiri lomweli koma sadzamuonanso? Bola Manila."

Ndinawapatsa Malaka. Chaka china ndinawapatsa Dili. Madoko anali kutha, ndipo maso a mayi aja nawonso anali kutha, mpaka a Loi anadzandiuza kuti tsopano amangozindikira anthu powagwira kumaso.

Uthenga unabwera m'mawa wina nyengo yotentha. Mayi wina wa kumudzi kwawo, amene ankabwera ndi ndiwo zamasamba kumsika, anatula madengu ake pansi pa mtengo wathu osapereka ndi moni womwe.

"Achimwene a Loi, kunyumba sikuli bwino. Alamu agona, madzi omwe akukana. Sing'anga akuti mwina lero, mwina mawa. Akungoitana A-Hoi. Akuti asawatseke maso asanamugwire."

Pa kampando panali munthu, thovu lili kumutu. A Loi anaika lumo pansi. Anandiyang'ana, ndipo sananene za Jeri-chakuti.

"Kamuitaneni."

Ndinathamanga mpaka kudoko, ine ndi thupi langali, anthu akuseka m'njira. Tinakumana tonse atatu m'khitchini mwanga, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Gervásio anali akulira ngati kamwana.

"Ndipita choncho! Andigwire, andiphe, ndilibe nazo kanthu!"

"Khala chete, chitsiru iwe," ndinatero. "Ukufuna amako alire maliro ako ali pamphasa?"

Ndinanena za chipewa chosokerera chingwe chabodza, monga ankachitira ansembe olowa m'dzikomo mobisa. A Loi anapukusa mutu. Chaka chapitacho asilikali anali atagwira mmodzi, chingwe cha mchira wa kavalo chitatsalira m'manja mwawo pamodzi ndi chipewa. Kuchokera pamenepo, aliyense amene nkhope yake sankaidziwa pa Chipata ankamugwetsa chipewa n'kumukoka chingwe mwamphamvu. Ndinanena za tsitsi logula. A Loi analavula.

"Logula amameta kwa akufa ndi akaidi. Ndilowetse zimenezo m'nyumba ya wodwala? Komanso wogulitsayo amamwa tiyi ndi alonda a mandarini. Tisanafike pa Chipata adzakhala atamva kale."

"Langa ndi ili," ndinatero ndikuvula mpango. "Agogo anga anabwera nalo kuchokera ku Mozambique. Silitalika ngakhale ulipempherere."

Palibe anaseka. A Loi anakoka kampando kawo, nakaika pakati pa khitchini, nayang'ana mwana wawo m'maso.

"Khala pansi."

Gervásio anayang'ana ine, poganiza kuti mawuwo adzera kwa ine monga mwa masiku onse.

"Ndikunena iwe, A-Hoi. Khala pansi."

Anakhala. A Loi ananyowetsa mutu ndi madzi otentha, nameta kutsogolo konse mpaka pakati. Khungu linatuluka loyera mbee, losaonapo dzuwa kwa zaka, ndipo anandituma kuphika tiyi wakuda bii, nalipaka kangapo mpaka linafanana ndi nkhope. Kenaka anagawa tsitsi lakumbuyo, limene linali lalitali ngati chala, m'timagulu ting'onoting'ono, kalikonse n'kukamanga ndi ulusi wa silika. Ine ndinkangoyang'ana, osamvetsa kuti amangirirapo chiyani. Atamaliza anamasula chingwe chawo m'khosi, nandipatsa sizasi.

"Dulani, mayi Quitéria. Pafupi ndi mutu."

"Mwapenga?"

"Dzuwa likupita. Chipata atseka."

"A Loi, mukadula simudutsa! Simukawaona! Ngakhale pamaliro simukakhalapo!"

Gervásio anadzambatuka. "Ayi, Bambo! Pitani inuyo, ine nditsala. Mukawauze kuti ndili ku Dili."

A Loi anamukankhira pa kampando ndi dzanja limodzi. Sindinkadziwa kuti nkhalamba ija inali ndi mphamvu zotero.

"Ine amako andiona mpaka kutopa nane. Akuitana ine? Akuitana iwe." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Zaka zonsezi mwakhala mukundiopseza kuti tsiku lina mudzalidula ndili m'tulo. Lero ndakupatsani, mukunjenjemera?"

Zoona ndinkawaopseza. Koma ndikuuzeni, kudula chingwe chija kunandipweteka kuposa tsiku limene anandiuza kuti chombo cha Bastião sichinafike. Sizasi inkakana, tsitsi linali lochuluka, ndinachita kudula pang'onopang'ono misozi ikugwera pa manja. Chitaduka, mutu wa a Loi unaoneka waung'ono ngati wa mwanapiye. Iwo sanadzigwire n'komwe kumutu. Anamasula chingwecho, nayala tsitsi pa tebulo, nayamba ntchito.

Ndinaona a Loi akugwira ntchito zaka zambiri, koma osati ngati tsiku limenelo. Ankatenga tsitsi lawo pang'ono, n'kulilumikiza ku kagulu kamodzi ka mwana, kulipota, kulimanga ndi ulusi, kulikoka ndi mano otsala aja, n'kupita pa kena. Thukuta linali kamukamu. Pakamwa pokha sipanapume.

"Usagwedezeke. Ukayenda usaponye miyendo ngati Mpwitikizi. Msilikali akakufunsa, yang'ana pansi, usamuyang'ane m'maso ngati mmene umachitira ndi abwana ako. Amako akafunsa za ine, ukati ndatupa mwendo, ndibwera mawa."

"Inde, Bambo."

"Ndipo ku Manila kumatentha, ku Goa kuli nsomba zambiri. Usakandichititse manyazi."

Imvi zinalipo ndithu, ngakhale mwini wake ankakana. Ndinapala mwaye kunsi kwa chiwaya changa, tinasakaniza ndi mafuta, n'kupaka mpaka tsitsi lonse linada.

Tili pakati pa ntchito, wina anagogoda. Tonse tinauma. Anali Padre Aleixo, akufunafuna wometa wake, poti linali tsiku la kadazi kake ndipo anthu anamulozera kwathu. Analowa, nayang'ana mutu wa a Loi, nayang'ana wa Gervásio, nakhala pa mtondo wanga. Gervásio anafuna kugwada, bambo ake anamukoka khutu kuti akhale bwino.

"Padre, amayi akamwalira ndidzayenera kukatunga madzi kumtsinje, ndi kugwada pamaso pa makolo, ndi kufukiza lubani. Mpingo umaletsa. Ndichite bwanji?"

Padre anali wokalamba, ndipo khutu lake linkamva zimene lafuna.

"Lamulo lachinayi likuti chiyani, mwana wanga?"

"Lemekeza atate ako ndi amako."

"Ndiye ukudikira chiyani? Zimene mawondo ako akachite kumeneko udzandiuze pobwera. Udzanene cha mbali iyi, khutu lakufa lija."

A Loi analuka chingwe mpaka kunsonga, namanga, nabwerera m'mbuyo kuchiyang'ana.

"Padre, bwerani mukoke."

"Ine?"

"Kokani ngati mukuliza belu. Asilikali sakamunyengerera."

Padre anapinda manja a mkanjo wake, nagwira, nakoka. Gervásio anakuwa kuti "Mayo!" n'kugwa chagada pamodzi ndi kampando. Chingwe chinali gwa, sichinasunthe. Tinaseka tonse, ngakhale a Loi, kuseka kwa anthu amene misozi ili pafupi.

Gervásio anavala malaya abuluu a bambo ake ndi nsapato zaudzu, nasenza madengu a mayi wa ndiwo uja ngati mwana wake. A Loi sakanatuluka ndi mutu wotero, choncho ndinawaperekeza ndine, ndikuyenda patali. Pa Chipata panali mzere wa anthu obwerera kumidzi, ena ndi nkhumba, ena ndi mitsuko. Ndinaima pafupi ndi wogulitsa nzimbe, korona ili m'manja mkati mwa nsalu. Atafika Gervásio, msilikali anamuyang'ana, nafunsa mayi uja kanthu kena, kenaka anagwetsa chipewa chaudzu ndi ndodo. Anakulunga chingwe kudzanja n'kukoka mpaka mutu unapenya kumwamba. Ine ndinatseka maso. Nditatsegula, ndinaona madengu awiri akugwedezeka kutsidya, akupita.

Ndinapeza a Loi atakhala pomwe ndinawasiya, akusesa titsitsi totsala ndi dzanja.

"Wadutsa."

"Ndimadziwa. Ndinamanga ndine."

Anafuna kuthira tiyi m'kapu, koma tiyi yense anathera pa tebulo.

Uthenga wa maliro unabwera ndi mayi wa ndiwo yemweyo patapita masiku awiri. Anati mwana anafika nthawi yabwino, anawapeza ali moyo, ndipo madzi anakatunga ndi iye. A Loi anapempha malo kuseri kwa nyumba yanga. Anayang'ana kumpoto kumene kuli mudzi wawo, nayatsa lubani, nagwada, nagunditsa mutu wosadulidwa bwino uja pansi. Kunkagwa mvula yowaza. Ine, mayi wa ubatizo wa anthu ambiri mu mpingo uno, ndinaima pambali ndi ambulera kuti lubani asazime, ndipo amene akufuna kukandinenera akanene.

Masabata otsatira anali ovuta. Alonda a mandarini ankayendayenda mumzinda, ndipo Mtchaina wopanda chingwe, wosabatizidwa, analibe mwini. Ndinawapatsa chipewa chakale cha Bastião, chimene chinkawafika m'makutu, ndipo anasamutsa kampando kawo kulowa mkati mwa mpanda wa tchalitchi. Atchaina ambiri anasiya kubwera, ankati Loi walowa za azungu pa ukalamba. Ena ankalavula podutsa. Iwo sanadzikanire, poopa kuti akanena zoona nkhani ingafike ku Heungshan mwana akadali komweko. Padre Aleixo yekha ndiye ankasangalala.

"A Loi, mwalowa kale mumpanda. Madzi ndi okonzeka, n'kungothira."

"Padre, ine ndikungodikira tsitsi limere."

"Pa msinkhu wanuwo? Ndidikira nanu."

Gervásio anabwera masiku a maliro atatha, ataonda, nsalu yoyera ya olira ili m'chiuno. Unali masana, ine ndikukazinga, a Loi akutenthetsa madzi. Anaima patsogolo pa bambo ake, ndipo ulendo uno palibe anayang'ana kwa ine.

"Chinagwira?"

"Chinagwira, Bambo. Pobwera anakokanso."

"Khala pansi ndichichotse, ulusi ungakudye khungu." Anatenga lumo, nalinola kawiri, naima. "Amako anakhulupirira?"

Gervásio anakhala pa kampando, nayamba kufotokoza akuyang'ana pansi. Anati atalowa anagwada pamphasa, ndipo amake anamugwira kumaso, mphuno, makutu, pamphumi pometedwa paja. Analira, namutchula dzina la ubwana. Kenaka dzanja linapita kumbuyo, linatsika ndi chingwe pang'onopang'ono mpaka kunsonga, n'kukweranso mpaka pamene panali ulusi. Pamenepo linaima.

"Ndinayamba kunena za mwendo wanu, koma anandigwira pakamwa. Anati ndiwadzutse, ndiwatsamiritse kukhoma, ndiwapatse chipeso."

"Chipeso?"

"Anamasula kuyambira pakati mpaka pansi, napesa, nalukanso. Zinatenga nthawi, manja analibe mphamvu. Akuluka anati, 'Tsitsi ili ndalipesa kuyambira ndili mtsikana. Wometa amameta dziko lonse, koma akabwera kwawo amakhala pansi ndimuluke ine.' Sanandifunse za Manila, Bambo. Sanandifunse chilichonse."

A Loi anali chiimire, lumo lili m'manja.

"Atamaliza anachikulunga kudzanja lawo, nagona. Anati, 'Ukaiuze nkhalamba ija kuti isadandaule. Yafika, ndaigwira.' Anamwalira m'mawa mwake asanachisiye."

Zitumbuwa zinapserera m'chiwaya, ine ndikulira poyera ngati mwana, osasamala za anthu otuluka m'tchalitchi. A Loi anapinda lumo, nalibwezera m'kabokosi. Anapita kumbuyo kwa mwana wawo, nanyamula chingwe chija ndi manja awiri, nayendetsa chala mpaka pamene maluko awo anathera ndi pamene a akazi awo anayambira. Analipo ndithu malirewo, ngakhale ine ndinawaona: kumtunda kolimba, kumunsi kofewa ndi kokhotakhota.

"Amako," anatero. "Nthawi zonse amakokera kumanzere."

Panabwera msodzi wina kudzametetsa, anaima, nayang'ana, nachoka mwakachetechete. A Loi anakhala choncho atagwira nsonga ija mpaka madzi a m'beseni anazizira.